Dzanja lamanzere lomwe linadyetsa Jesse Orosco zaka 24

Ku Kawale, ku Biwi kapena ku Mgona, mwana akatambasula dzanja lamanzere kuti ateme nsima, akuluakulu amamuyang'ana ndi diso lofiira. Lamanja ndiye lodyera, lopatsira moni, lolandirira chinthu kwa makolo. Koma mwana yemweyo akaima pa fulaye, mpira wake umavuta kuuzinda chifukwa umachokera mbali yomwe diso silinazolowere. Kusazolowereka kumeneku ndi chuma, ndipo mbiri ya Jesse Orosco, woponya mpira wa baseball wa ku America, ikuonetsa kuti chumachi chimatha kudyetsa munthu mpaka imvi.

Orosco anabadwa mu 1957 ku Santa Barbara, m'chigawo cha California, ndipo anayamba kusewera ligi yaikulu mu 1979 ndi timu ya New York Mets. Pa baseball woponya amalimbana ndi womenya mpira ndi chibonga, ndipo woponya woyamba akatopa kapena zikamuthina, kochi amaitana wina wa pabenchi kuti adzazimitse moto. Imeneyi ndiyo inali ntchito ya Orosco: pa masewero 1,252 omwe anaponyamo, anayamba yekha anayi okha. Mu 1986 anapambana masewero atatu polimbana ndi Houston Astros, kenako n'kutulutsa Marty Barrett wa Boston Red Sox, womenya wotsiriza pa mpikisano wolimbirana chikho wa World Series, n'kuponya golovesi yake m'mwamba Mets itatenga chikho. Mu 1988 anatenganso chikho ndi Los Angeles Dodgers.

Chochititsa chidwi, komabe, ndi ukalamba wake. Mpira wokhota wa woponya wamanzere umathawa womenya wamanzere mnzake, ndipo umaoneka ngati ukutulukira kumsana kwake. Amanzere ndi ochepa, mwina munthu mmodzi pa khumi, choncho omenya amakula asanauzolowere mpira wotere. Mphamvu za mkono zitayamba kuchepa, makochi ankamuitana Orosco kuti athane ndi munthu mmodzi kapena awiri, basi, abwerere kukakhala. Mu 1983 anaponya zigawo 110 m'masewero 62. Mu 1999, ali ku Baltimore Orioles, zigawo 32 zokha m'masewero 65. Anapuma mu 2003 ali ndi zaka 46.

Wokonda mpira wa ku Area 25, wozolowera kuona osewera a Silver Strikers akukhetsa thukuta mphindi 90, anganene kuti uku n'kudya ndalama za ulele. Koma muyeso wake walakwika. Orosco sankalowa zinthu zili bwino. Ankalowa adani ali pafupi kugoletsa, katswiri wawo atagwira chibonga, pamene kuphonya kamodzi kumagwetsa timu yonse. Goloboyi wolowa kudzagwira mapenate okha sitimuwerengera mphindi. Ena anganenenso kuti ntchitoyi inali yongopeka, poti mu 2020 ligi inalamula kuti woponya aliyense akumane ndi omenya atatu kapena amalize chigawo asanachotsedwe. Lamuloli analiikira kuchepetsa nthawi yotayika posinthasintha osewera, ndipo kufunika kwake kukungotsimikiza kuti makochi ankaidalira kwambiri njirayi.

Mpaka lero palibe woponya wina amene wafika pa masewero 1,252. Womutsatira ndi Mike Stanton, ndi 1,178, kenako John Franco, ndi 1,119. Onse atatu anali a pabenchi, ndipo onse atatu ndi amanzere.