Ursula Burns, mwana wa mai wosita zovala

Ursula Burns anabadwa mu 1958 ku New York, ndipo anakulila m'nyumba za boma za anthu osauka. Amai ake anali kusita zovala ndi kulela ana a eni kuti apeze ya sukulu.

Mu 1980 analowa ku Xerox, kampani ya makina a fotokope, monga wophunzila uinjiniya. Anakhalako zaka 29 asanakhale CEO mu 2009, mkazi wakuda woyamba kutsogolela kampani ya pa Fortune 500.

Koma mpando anaupeza wotentha. Anthu anali atacepetsa kupulinta, conco iye anagula kampani ya ACS pa madola 6.4 biliyoni kuti Xerox isadalile makina okha. Kwa ine, apa m'pamene anaphonya: potula udindo mu 2016, makampani awiliwo anali kulekananso.