Tchizi Imene Inaphunzitsa Madokotala Kumvetsera

Sabata ino tiyeni tibwerere ku 1952, pachipatala cha Sea View mumzinda wa New York. Kumeneko odwala chifuwa chachikulu ankapatsidwa mankhwala atsopano otchedwa iproniazid. Chodabwitsa n'chakuti anthu amene anali atataya mtima anayamba kudya bwino ndi kuseka, ena mpaka kuvina m'makonde. Pofika 1957, dokotala Nathan Kline anali akuwapereka kwa odwala matenda a kukhumudwa. Koma mu 1961 anachotsedwa pamsika ku America chifukwa ankawononga chiwindi.

Pamsika panatsala ena a mtundu womwewo, monga tranylcypromine. Awa nawo anabwera ndi lawo vuto. Odwala ena ankadzidzimuka mutu ukuwawa ngati ukung'ambika, magazi akuthamanga koopsa, ndipo ena anamwalira mtsempha utaphulika muubongo. Barry Blackwell, dokotala wachinyamata wa pachipatala cha Maudsley ku London, analemba za vutoli m'magazini ya The Lancet. Katswiri wina wa zamankhwala atawerenga, anamulembera kalata kuti mkazi wake, amene ankamwa mankhwalawa, mutu unkamuwawa chomwecho akangodya tchizi.

Mukudziwa zimene madokotalawo anachita? Anaseka. Tchizi eti! Blackwell ndi mnzake anamwa okha mankhwalawo n'kudya tchizi, osaona kanthu. Koma odwala ena atadwalanso chimodzimodzi atadya tchizi, kuseka kunatha, ndipo mu 1963 Blackwell anasindikiza umboni wake.

Nkhani yake ili motere. Mu tchizi yokhalitsa muli chinthu chotchedwa tyramine, chimene m'matumbo ndi m'chiwindi chimaphwanyidwa chisanafalikire m'thupi. Mankhwala aja amatseka njira yophwanyirayo, ndiye tyramine amalowa m'magazi wambiri, mitsempha n'kufinyika, BP n'kukwera mwadzidzidzi. Mu 1964 tranylcypromine anaimitsidwa kwakanthawi ku America, n'kubwereranso ndi chenjezo la zakudya zoyenera kupewa.

Phunziro silinathere pa tchizi ayi. Mu 1984, Libby Zion, mtsikana wa zaka 18 amene ankamwa phenelzine, wa mtundu womwewu, anafika pachipatala china ku New York akudwala. Anamubaya pethidine, mankhwala opha ululu amene sagwirizana ndi phenelzine, ndipo anamwalira patangopita maola ochepa. Bambo ake sanakhale chete, mpaka mu 1989 boma la New York linalamula kuti madokotala ophunzira ntchito asamapitirire maola 80 pasabata.

Mwina mukuti, ife tchizi timaidya kangati? Zoona. Koma mankhwala a maganizo amene ali m'zipatala zathu nawonso ali ndi zimene sagwirizana nazo. Carbamazepine amafooketsa mapiritsi olera ndi kolera koika pamkono. Rifampicin wa TB amachepetsa mphamvu ya haloperidol. Fluoxetine akakumana ndi tramadol, munthu akhoza kunjenjemera, kutentha thupi ndi kusokonezeka mutu. Chlorpromazine ndi mowa, ndiye tulo tosadzutsika msanga.

Choncho inu kapena m'bale wanu mukapita kuchipatala, tengani kabuku kanu, ndipo tchulani zonse zimene mukumwa, za kugolosale ndi zazitsamba zomwe. Thupi likasintha, osasiya mankhwala panokha, pitani mukanene, ngakhale zikuoneka zoseketsa. Safunsa anadya phula. Ndipo inu anamwino ndi madokotala amene muli m'gulu muno, wodwala akakuuzani zachilendo, musathamangire kuseka.