Mkazi mmodzi m'manda a ku Katyn

Pa 13 April 1943, wailesi ya ku Berlin inalengeza kuti asilikali a Germany apeza manda aakulu m'nkhalango ya Katyn, pafupi na mzinda wa Smolensk ku Russia. M'maenjemo munali mitembo yoposa 4,000 ya maofisala a gulu la nkhondo la Poland, yosanjikizana, ikali m'mayunifomu, pafupi-fupi yonse ili na bala la cipolopolo kunkhongo. Onse anali amuna kupatulapo mmodzi. Dzina lake anali Janina Lewandowska, woyendetsa ndege, wa udindo wa second lieutenant. Ajelemani sanamulembe pa mndandanda wa mitembo imene anaonetsa dziko, ndipo panapita zaka 62 asanaikidwe m'manda a kwawo.

Janina anabadwa pa 22 April 1908 ku Kharkiv. Panthawiyo dziko la Poland kunalibe pa mapu, cifukwa Russia, Germany na Austria anali atagawana. Atate ake, a Józef Dowbor-Muśnicki, anali jenelo m'gulu la nkhondo la mfumu ya Russia. Mu 1918 anatsogolela asilikali acipolishi amene anamenyana na Mabolsheviki, ndipo mu 1919 anatsogolelanso anthu a cigawo ca Poznań pogalukila Ajelemani. Musunge mfundo imeneyi: dzina la banjali linali lodedwa kum'mawa na kumadzulo komwe.

Mtsikanayu anakulila ku Lusowo, pafupi na Poznań. Anaphunzila nyimbo, anagwilako nchito ku positi ofesi, koma mtima wake unali ku bwalo la ndege. Analowa kalabu ya oyendetsa ndege ya ku Poznań, n'kuphunzila kuulutsa ndege zopanda injini, ndege za injini, na kulumpha na palachuti. Olo masiku ano tikamva kuti woyendetsa ndege ni mkazi, ena a ife timacewuka kawili, nanga m'zaka za m'ma 1930? Mu June 1939 anakwatiwa na Mieczysław Lewandowski, mphunzitsi wa ndege zopanda injini. Banja lawo silinakwanitse na miyezi itatu yomwe nkhondo isanabuke.

Pa 23 August 1939, boma la Hitler na la Stalin anasainilana pangano, ndipo m'cigawo cake cacinsinsi anagawana Poland monga nyama ya pa butchala. Germany inalowa pa 1 September. Janina anatsagana na gulu la asilikali a ndege a ku Poznań limene linali kubwelela cakum'mawa, osadziwa kuti nakonso kukubwela moto. Pa 17 September asilikali a Soviet Union anadutsa malile, ndipo patapita masiku ocepa Janina anagwidwa. Anayamba kusungidwa ku kampu ya Ostashkov, kenako ku Kozelsk, m'nyumba zakale za amonke zimene anazisandutsa ndende. Pa mapepala a NKVD, apolisi acinsinsi a Stalin, caka cake cobadwa na dzina la atate ake n'zolakwika. Zioneka kuti anabisa dala kuti ni mwana wa jenelo uja.

Apa m'pofunika kumvetsa kuti akaidiwa anali ndani. Ambili sanali asilikali a nchito. Anali madokota, aphunzitsi, maloya, mainjiniya na ansembe amene anavala yunifomu cifukwa dziko linawaitana. A NKVD anawafunsa mafunso kwa miyezi, n'kuona kuti anthuwa sangatembenuke mtima. Pa 5 March 1940, Stalin na anzake a mu Politburo anasaina pepala la Lavrentiy Beria, mkulu wa NKVD, lakuti aphedwe popanda kuwaitanila kukhoti kapena kuwauza mlandu. Onse ophedwa pa lamulo limeneli, ku Katyn, ku Kharkiv, ku Kalinin na m'ndende zina, anali pafupi-fupi 22,000. Kwa ife, uku sikunali kulanga asilikali ogonja. Kunali kudula mutu wa mtundu wonse kuti pasapezeke woutsogolela.

Kuyambila kuciyambi kwa April, maina anali kuitanidwa ku Kozelsk m'magulu-magulu. Ambili anakwela sitima ali na ciyembekezo cakuti akubwelela kwawo. Sitimayo inali kuima pa sitesheni ya Gnezdovo, ndipo kucokela apo basi ya mawindo opakidwa utoto inali kuwapeleka kunkhalango. Janina anaphedwa ca pa 22 April 1940, tsiku limene anakwanitsa zaka 32.

Patapita miyezi iwili cabe, mng'ono wake Agnieszka, wa zaka 20, amene anali m'gulu lacinsinsi lolimbana na Ajelemani, anawombeledwa m'nkhalango ya Palmiry pafupi na Warsaw. Wina anaphedwa na anthu a Stalin, wina na anthu a Hitler, ana a mimba imodzi, caka cimodzi. Atate awo sanazione izi, cifukwa anali atamwalila mu 1937.

Nanga akazi na ana a maofisala ena aja? Pa 13 April 1940, kupha kuli mkati, a NKVD anagogoda pa zitseko zawo usiku, n'kuwalonga m'mabogi a katundu kupita ku Kazakhstan. Apa m'pamene nkhaniyi imatikhudza ife. Hitler ataukila Soviet Union mu 1941, Stalin anamasula ena mwa anthu a ku Poland amene anawathamangitsila kumeneko na ku Siberia. Mu 1942 anatulukila ku Iran, ndipo Britain inamwaza ambili a iwo m'maiko amene inali kulamulila mu Africa. Kuno ku Northern Rhodesia makampu awo anali ku Lusaka, ku Bwana Mkubwa pafupi na Ndola, ku Fort Jameson kumene manje ni Chipata, na ku Abercorn kumene manje ni Mbala. Ambili anali azimayi na ana, ndipo ena anali kuyembekezela kalata ya mwamuna kapena tate amene anagona kale m'dzenje. Manda a amene anafela kuno akalipo ku Mbala na ku Bwana Mkubwa.

Tibwelele ku Katyn. Ajelemani ataulula za mandawo, Moscow inakana, n'kukamba kuti Ajelemaniwo ndiwo anapha akaidi mu 1941. Mu 1944 komiti ya boma yotsogoleledwa na dokota Nikolai Burdenko inadinda bodza limeneli. Britain na America anakhala cete, cifukwa Stalin anali mnzawo pa nkhondo yolimbana na Hitler. Ku Poland ya cikomyunizimu, munthu wokamba poyela kuti Katyn inacitika mu 1940 anali kudziputila mavuto na apolisi. Mpaka pa 13 April 1990, m'nthawi ya Mikhail Gorbachev, m'pamene Moscow inavomela kuti a NKVD ndiwo anapha, ndipo mu 1992 Boris Yeltsin anapeleka ku Poland makope a pepala lija la pa 5 March, siginecha ya Stalin ili pamwamba.

Koma Janina anali asanapezeke. Dokota wacijelemani amene anatsogolela nchito yofukula mu 1943, Gerhard Buhtz, anatengela zigaza zingapo ku labu yake ku Breslau. Nkhondo itatha malile anasintha, ndipo Breslau unakhala mzinda wa Poland wochedwa Wrocław. Pulofesa wa kumeneko, a Bolesław Popielski, anadziwa kumene zigazazo zinacokela, ndipo anazibisa kwa zaka makumi, pamene kusunga umboni wotelo kukanawadyetsa ndende. Anaulula kwa anzawo a panchito mu 1997, atatsala pang'ono kumwalila. Cimodzi mwa zigazazo cinali ca mkazi, cokhala na cibowo ca cipolopolo. Akatswili anaciyelekezela na zithunzi za Janina pa kompyuta, ndipo mu 2005 anatsimikiza kuti ni iye.

Pa 4 November 2005, cigazaco cinaikidwa mwa ulemu wa asilikali ku Lusowo, m'manda a banja mmene munagona atate ake. Mafupa ake ena onse akali ku Katyn.