Moto wa m'injini ndi zitunda za ku Dedza

Galimoto yakale ya petulo ikamakwera msewu wa Khwekhwelere, kuchokera ku Golomoti kupita ku Masasa, imaulula makaniko amene anaigwira komaliza. Msewuwu umakwera mamita pafupifupi 1,000 m'makona okhaokha. Ngati moto wa m'mapulagi ukufulumira kuyaka, injini imalira ngati misomali yogwedezedwa m'chitini. Ngati ukuchedwa, mphamvu imathera panjira, madzi amawira, ndipo okwera amatsika kukafuna miyala yoika kumatayala. Kwa zaka zambiri, kupeza malo oyenera pakati pa mavuto awiriwa kunali luso lopatsa munthu dzina m'magalaja a ku Dedza. Amakaniko ankati kuseta tayimingi.

Petulo wosakanizana ndi mpweya sapsa nthawi imodzi. Amafuna kanthawi, ndiye pulagi iyenera kuthetheka pisitoni isanafike pamwamba penipeni, kuti mphamvu ya moto iipeze ikuyamba kutsika. Kanthawi kameneka amakayeza m'madigiri. Pa injini ya masilinda anayi imene ikuzungulira ka 3,000 pa mphindi, mapulagi amathetheka ka 100 pa sekondi iliyonse, ndipo kusemphana kwa madigiri ochepa chabe kumamveka ndi khutu.

Poyamba ntchitoyi inali ya dalaivala mwiniwake. Ford Model T, imene inatuluka mu 1908, inali ndi kachitsulo pafupi ndi chiwongolero kofulumizira kapena kuchedwetsa moto, ndipo woiwala kukabweza asanapukuse handulo ankatha kuthyoka dzanja injini ikabwezera. Charles Kettering wa ku America ndiye anakonza njira ya batire, koyilo, mapointi ndi disitibyuta, yomwe inaikidwa pa Cadillac ya 1910. Njira imeneyi inalamulira kwa zaka zoposa 60. Ndi yomweyo imene inali m'galimoto zaukali za ku America monga Pontiac GTO ya 1964, ndi yomweyonso inali mu Peugeot 404 yonyamula mbatata ya kachewere ku Bembeke. Kusiyana kunali kuchuluka kwa mawaya otuluka pa kapu: asanu ndi atatu pa injini ya V8 ya Pontiac, anayi pa galimoto ya matola.

Galimoto za V8 sizinali za misewu ya kuno. Amalawi amene ankagwira ntchito ku Joni ndi amene akanakumana nazo, monga Capri Perana imene Basil Green ankapanga ku Johannesburg poika injini ya malita 5 m'galimoto yaing'ono ya Ford, kapena Chevrolet Firenza Can-Am ya 1973, yomwe anapanga 100 zokha. Komabe pali chimene chimagwirizanitsa mzindawo ndi Dedza. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600, m'munsi mwa phiri lofika mamita 2,198. Pamalo okwera chotere mpweya ndi wopepuka, injini imakoka wochepa, ndipo moto umayenda pang'onopang'ono m'silinda, motero injini siilira msanga. N'chifukwa chake ku South Africa petulo wa okiteni 93 amagulitsidwa kumtunda, pamene kunyanja amadalira wa 95.

Apa ndi pamene buku la kufakitale linkaperewera. Nambala yolembedwa ku England, ku France kapena ku Japan inali poyambira chabe. Galimoto yokhala ku Dedza inkalola adivansi, kutanthauza kufulumiza moto, yowonjezerapo pang'ono, ndipo inkabweza kamphamvu kena kamene phiri linailanda. Koma galimoto yomweyo ikatsika ndi katundu ku Golomoti kapena ku Mtakataka mu Okutobala, kotentha ndiponso kwa mpweya wolemera, madigiri owonjezera aja ankasanduka mdani wa mapisitoni. Makaniko wodziwa ntchito ankayamba wafunsa kumene galimotoyo imayenda asanagwire sipanala. Funso limeneli ndi limene linkasiyanitsa mmisiri ndi munthu wongomasula mabawuti.

Ntchito yeniyeni inkayambira pa mapointi. Ankawapala kapena kuikapo atsopano, n'kusiya mpata wa pafupifupi mamilimita 0.4, chifukwa mpata ukasintha tayimingi nayo imasintha. Kenako ankazungulitsa injini ndi dzanja mpaka kachizindikiro ka pa pule kayang'anizana ndi nambala yake, silinda yoyamba ili pokanikiza mpweya. Wokhala ndi tochi ya tayimingi, yomwe imaphethira pulagi ikathetheka, anali ndi mwayi. Ambiri ankagwiritsa ntchito babu ya mavoti 12 yokhala ndi mawaya awiri: kumasula bawuti ya disitibyuta, kuipotoza pang'onopang'ono mpaka babu itayaka, kusonyeza kuti mapointi angotseguka, n'kumanga. Ena ankapanitsa kapepala kopyapyala pakati pa mapointi, n'kumvetsera ndi zala nthawi imene kayambe kusololoka. Ma Land Rover ambiri a nthawiyo anali ndi disitibyuta ya Lucas yokhala ndi kanati kolembedwa A ndi R, koti munthu asinthire moto pang'ono popanda sipanala.

Chigamulo chinkaperekedwa pamsewu. Makaniko ankakwera nayo pachitunda ali m'giya yapamwamba, n'kuponda mafuta mpaka pansi, khutu lili tcheru. Ikalira, ankatsika n'kubweza pang'ono. Ikakhala chete koma yaulesi, ankawonjezera. Mnyamata wophunzira ntchito ankaphunzirira pomwepo, atagwira bokosi la masipanala, ndipo mndandanda wa 1-3-4-2 ankaulowetsa m'mutu asanaloledwe kukhudza waya wa pulagi. M'mawa wa Juni, chifunga chitakuta phiri, zinkadziwika ngati dzulo lake makaniko anapyola muyeso, poti sitata inkalemera ndipo injini inkabwezera.

Petulo nayenso sanakhale chimodzimodzi. Mu 1982 fakitale ya ETHCO ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo Malawi inakhala limodzi mwa mayiko oyambirira mu Africa kusakaniza mafutawa ndi petulo. Zinafika pa nthawi yake, chifukwa nkhondo ya ku Mozambique inali pafupi kutseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, ndipo mafuta anayamba kudzera njira zazitali ndi zodula. Ethanol amakweza okiteni, motero injini imapirira adivansi yambiri, koma amavutitsa mapaipi akale a labala ndiponso amasintha kagwiridwe ntchito ka kabureta. Pofika kumayambiriro kwa 2006, mayiko a kumwera kwa Sahara anasiya petulo wokhala ndi mtovu, potsatira mgwirizano wa ku Dakar wa 2001. Pa kusintha kulikonse, manja a amakaniko ankabwerera pa bawuti ya disitibyuta ija.

Chimene chinathetsa lusoli si petulo koma galimoto zakale zochokera ku Japan, zimene zinadzaza misewu kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, zina zikulowera pa chipata cha Dedza pomwepa. Sienta kapena Probox yonyamula anthu pakati pa Dedza, Linthipe ndi Chimbiya ilibe mapointi, ilibenso disitibyuta. Kompyuta imawerenga mpweya wolowa, imamva kulira kwa injini kudzera pa sensa, n'kusintha moto yokha galimoto ikutsika Khwekhwelere. Zimenezi n'zabwino kwa mwini galimoto, ndipo palibe chifukwa chozinyozera. Chodandaulitsa n'chakuti wachinyamata amene walowa m'galaja lero angathe kumaliza maphunziro ake asanamvepo ndi khutu lake kusiyana kwa moto wofulumira ndi wochedwa.

Mapikapu akale a petulo ndi ma Land Rover ochepa akadayendabe m'misewu yafumbi ya kumidzi, kunyamula matabwa a paini, kabichi ndi tomato. Mapointi ake akuvuta kupeza m'mashopu, ndipo eni ake ena amaitanitsa ku Lilongwe kapena kwa abale a ku Joni. Imodzi ikayamba kulira pachitunda, mwini wake amadutsa magalaja angapo okhala ndi makina opimira, akufunsa kumene kukukhala makaniko wachikulire wodziwa za disitibyuta.