Parachuti, chida chimene chinakula ndi maliro

Achinyamata anzanga, mwaonapo mavidiyo aja pa TikTok ndi Facebook, munthu akutuluka pa chitseko cha ndege ili mumlengalenga, akumwetulira ngati akutsika minibasi pa Wenela. Ambirife timangoti "awa ndi amisala" n'kupitirira. Koma chikwama chimene amabereka kumsanacho chili ndi mbiri ya zaka zoposa 200, ndipo zambiri zimene zili mmenemo zinaikidwamo chifukwa wina anavulala kapena kufa kumene.

Tiyambire ku Paris. Pa 22 October 1797, André-Jacques Garnerin anakwera ndi chibaluni kufika mamita pafupifupi 1,000, n'kudula chingwe. Anatsika ali m'dengu lomangiriridwa ku chinsalu cha silika chooneka ngati ambulera. Anafika pansi wamoyo, koma chinsalucho chinkamukankhira uku ndi uku moopsa, chifukwa mpweya wodzadza mkati unkasowa potulukira ndiye unkathawira m'mbali. Mankhwala ake anali osavuta: kuboola bowo pamwamba. Mpaka lero maparachuti ozungulira ali nalo bowolo.

Ndege zitabwera, dengu silikanathandizanso. Mu 1910, pa chionetsero cha ndege ku St Petersburg, woyendetsa ndege Lev Matsievich anagwa n'kufa anthu akuona. Imfayi inamukhudza kwambiri Gleb Kotelnikov, bambo wochita zisudzo, osati injiniya wa ndege ayi. Chaka chotsatira iye anapanga parachuti yopinda m'chikwama chobereka kumsana. Kenako pa 28 April 1919, ku McCook Field ku Ohio, Leslie Irvin anadumpha m'ndege osamangiriridwa ku chilichonse, n'kukoka yekha chingwe chotsegulira ali m'kati mogwa. Nthawi imeneyo ambiri ankakhulupirira kuti munthu akamagwa chonchi amakomoka. Irvin sanakomoke, anangothyoka pa kakolo potera. Silika naye anasiyidwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, poti wambiri ankachokera ku Japan. M'malo mwake munalowa nayiloni, ndipo woyamba kudumpha ndi parachuti ya nayiloni anali mtsikana, Adeline Gray, mu June 1942.

Komabe parachuti yozungulira ili ngati ambulera basi, mphepo ikafuna kukuponyani mu mtengo, mupita mu mtengo. Amene anasintha zimenezi ndi Domina Jalbert, katswiri wopanga makaiti, m'zaka za m'ma 1960. Iye anasoka nsalu ziwiri, ina pamwamba ina pansi, n'kuzigawa timatumba totseguka kutsogolo. Mpweya ukalowa m'timatumbato, nsalu imauma n'kukhala phiko lenileni. Mukakoka chingwe cha kumanja mumakhotera kumanja, mukakoka zonse ziwiri mumachepetsa liwiro n'kutera choimirira. Vuto lake, phikoli linkatseguka mwamphamvu kwambiri moti linkavulaza anthu. Ndiye anaonjezera kansalu kakang'ono kotchedwa slider, kamene kamagwira zingwe pamodzi n'kumatsetsereka pang'onopang'ono kuti phiko lisatseguke kamodzi n'kamodzi.

Nanga ikakana kutseguka bwino? Mumataya yoyambayo n'kutsegula yachiwiri yosungira. Kale kutayako kunkafuna manja awiri ndi mphamvu, munthu ukuzungulira ngati nguli. M'zaka za m'ma 1970, Bill Booth wa ku America anapeza njira ya mphete zitatu: yaing'ono imalowa m'yapakati, yapakati m'yaikulu, ndipo iliyonse imachepetsa kulemera kumene inzake ikunyamula. Pomaliza kachingwe kakang'ono ndi kamene kamagwira thupi lonse la munthu, ndiye kukoka chogwirira chimodzi n'kokwanira. Kwa ine, mphete zimenezi ndi nzeru yokongola kuposa zonse m'nkhaniyi, poti mulibe batire, mulibe kompyuta, ndi zitsulo zitatu basi.

Panatsala funso limodzi lovuta. Bwanji munthu akakomoka m'mwamba, kapena akasokonezeka mutu osakoka chilichonse? Helmut Cloth wa ku Germany anataya mnzake pa ngozi yodumpha mu 1986, ndipo anatha zaka zingapo akufufuza yankho. Mu 1991 kampani yake ya Airtec inatulutsa CYPRES, kakompyuta kokhala m'chikwama momwemo. Kamayeza kupanikiza kwa mpweya, ndiye kamadziwa kuti muli patali bwanji ndi nthaka komanso mukugwa mothamanga bwanji. Mukafika mamita pafupifupi 225 mukugwabe ndi liwiro loposa mamita 35 pa sekondi, kamaombetsa kampeni kamene kamadula chingwe chotsekera parachuti yachiwiri. Tangoganizani, pamenepo nthaka yatsala masekondi ochepa chabe. Zida zoyesera kuchita zimenezi zinalipo kale, koma anthu ankaziopa chifukwa zinkatha kutsegula pa nthawi yolakwika. CYPRES ndi imene inachititsa akatswiri kuyamba kukhulupirira makina.

Mungaganize kuti apa ndiye maliro anatha, eti? Ayi ndithu. Booth yemwe uja amadziwikanso ndi ganizo lakuti zida zikamakhala zodalirika, odumpha amaonjezera chibwana. Anthu anayamba kugula maparachuti ang'onoang'ono othamanga kwambiri, n'kumakhota pafupi ndi nthaka kuti atere mwa sitayilo. Zotsatira zake, ngozi zambiri za masiku ano zimachitika parachuti itatseguka bwinobwino. Kakompyuta kaja pamenepo kalibe chochita. Enanso anatengeka ndi wingsuit, chovala chokhala ndi nsalu pakati pa mikono ndi miyendo. Patrick de Gayardon wa ku France, amene anachikonza kuti chiziulukadi m'zaka za m'ma 1990, anafera ku Hawaii mu 1998 parachuti yake italephera kutseguka bwino.

Zakutsogolo zikuoneka kuti zagawika pawiri. Mbali ina akufuna kuuluka motalika ndi mothamanga: mu 2020 Peter Salzmann wa ku Austria anauluka ndi wingsuit yokhala ndi timainjini tamagetsi pachifuwa, yopangidwa mothandizana ndi BMW. Zimenezo n'zosangalatsa kuonera, koma sindikuona kuti zifika kwa anthu wamba posachedwa. Mbali inayo ndi yachete: timawotchi toyeza kutalika timene timalira m'chipewa pafupi ndi khutu, ndiponso zipinda zouzira mphepo yamphamvu kuchokera pansi, mmene wophunzira amayandama osakwera ndege n'komwe.

Chimene chimandikoka mtima ineyo ndi parachuti yopanda munthu. Asilikali a ku America ali ndi maparachuti onyamula katundu amene amadziongolera okha ndi GPS, timakina tikukoka zingwe zija za Jalbert mpaka katundu atafika pamalo amene anauzidwa. Kumbukirani mmene namondwe wa Freddy anadulira misewu ku Mulanje ndi Phalombe mu March 2023, midzi ina osafikika ndi galimoto, ndiye muona chifukwa chake ndikuiganizira. Ndipo sizakutali kwambiri ayi. Ku Rwanda, kuyambira mu 2016, ma drone a kampani ya Zipline amanyamula magazi kupita ku zipatala za kumidzi. Satera n'komwe. Akafika pamwamba pa chipatala amangotaya kabokosi, n'kumatsika pang'onopang'ono ndi kaparachuti ka pepala, wa chipatala n'kupita kukatola.