Kodi Chida Chofufuzira Cholipira Chimasunga Chinsinsi?

FUNSO: Akulu, ndine mlimi wa mpunga kwa Kuntumanji, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Ndikafufuza pa Google mtengo wa feteleza kapena wa ukonde, posakhalitsa zotsatsa malonda a zinthu zomwezo zimanditsata pa foni. Mwana wanga wa ku Zomba akuti kuli zida zina zofufuzira, zolipira pamwezi, zosatolera nkhani za munthu. Kodi kusunga mafunso athu kunayamba bwanji, nanga wolipira ndiye wapulumuka? Mlimi, kwa Kuntumanji.

YANKHO: Bambo, mwachita bwino kubwera ndi nkhaniyi, pakuti safunsa anadya phula.

Google, imene anaiyambitsa Larry Page ndi Sergey Brin m'chaka cha 1998, sinalipiritse ofufuza. Koma popeza wantchito ayenera kudya, m'chaka cha 2000 inayamba kugulitsa malo otsatsirapo malonda pambali pa mayankho, ndipo kuchokera pamenepo funso lililonse la munthu linasanduka chuma, chifukwa wamalonda amalipira mokondwa akadziwa kuti mawu ake akufika kwa iye amene akufunadi ukonde, osati kwa wongodutsa m'njira. Ndicho chifukwa makinawo amalemba mawu amene mwafufuza, nthawi yake, mtundu wa foni yanu ndi dera limene muli.

Kuopsa kwa kaundula wotere kunaonekera poyera mu August 2006, pamene kampani ya AOL ya ku America inatulutsa mafunso pafupifupi 20 miliyoni a anthu oposa 650,000, itafafaniza mayina awo ndi kuikapo manambala. Komabe atolankhani a New York Times, pongowerenga zimene nambala imodzi inkafunsa, anafika pakhomo pa mayi wina m'masiku ochepa okha. Nkhani imeneyi imandisautsa mtima, pakuti munthu amaulula kwa chida chofufuzira matenda ake, ngongole zake ndi mavuto a m'banja amene sangawatchule ngakhale kwa ankhoswe.

Zida zolipira zinabadwa chifukwa cha dandaulo lomweli. Neeva, imene anaiyambitsa Sridhar Ramaswamy, yemwe kale anali mkulu woona za malonda ku Google, inatsegulidwa mu 2021, koma inatseka ntchito yofufuzira mu 2023 posowa anthu okwanira. Kagi ya Vladimir Prelovac ikadalipo, ilibe zotsatsa malonda, ndipo imalonjeza kuti siilumikiza mafunso a munthu ndi akaunti yake. Akuluakulu anati khotekhote ngwa njoka, tsata kumene kwaloza mutu. Ndipo pa nkhani iyi mutu waloza ku ndalama, pakuti kampani imene mumailipira ilibe chifukwa chachikulu chokugulitsani kwa amalonda. Pamenepo mwana wanu wanena zoona.

Koma wolipira sabisika. Kuti mulowe, mumatsegula akaunti ndi kulipira madola, kawirikawiri pa khadi la ku banki lokhala ndi dzina lanu, kotero kuti kampaniyo imakudziwani bwino koposa mmene ingadziwire mlendo wongofufuza n'kupita. Chimene chimalekanitsa dzina lanu ndi mafunso anu ndi lonjezo lawo, limene inu muli ku Chilwa simungaliyese. Eni Kagi nawonso analiona vutoli, ndipo mu 2025 anawonjezera njira yotchedwa Privacy Pass, yoti wolipira afufuze osadziwika kuti ndani.

Kwathu kuno ndime 21 ya Malamulo Aakulu a dziko imateteza chinsinsi cha munthu, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024 linapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira osunga nkhani za anthu, ndi kukupatsani inu ufulu wofunsa zimene asunga za inu ndi kupempha kuti azifafanize. Chilipo chimene mungachite lero osataya ndi tambala yomwe: pemphani mwana wanuyo atsegule malo otchedwa My Activity pa akaunti yanu ya Google, afafanize zolembedwa kale, ndi kuletsa kusunga zatsopano. Ndipo polemba funso, pa chida chaulere kapena cholipira, musaikemo dzina lanu, mudzi wanu kapena nambala ya chiphaso chanu cha unzika.