Linunda la Mwana ndi Mpeni wa Dokotala

Ife a m'chigwa cha Shire tikaona mwana akumera linunda, miyendo nkuyamba kulefuka, timafulumira kuloza chala mfiti. Komatu kawirikawiri gwero lake ndi chifuwa chachikulu chimene chalowa m'mafupa a msana. Kachirombo kamadya fupa, mafinya nkuunjikana, msana nkupindika, ndipo mtsempha waukulu ukapanikizika miyendo imafa.

Nthendayi njakale. Dokotala wa ku London, Percivall Pott, adailongosola mu 1779, ndipo Robert Koch adatulukira kachiromboko mu 1882. Popeza mankhwala kudalibe, odwala ankagonekedwa m'chikhakha miyezi ngakhale zaka. Mu 1911, ku New York, madokotala Albee ndi Hibbs adayamba kulumikiza mafupa a msana kuti asamagwedere. Mankhwala oyamba opha kachiromboko, streptomycin, adapezeka mu 1943. Kenaka mu 1956, ku Hong Kong, Hodgson ndi Stock adaonetsa njira yopala fupa loola nkuikapo fupa lamoyo, monga nthiti ya wodwala yemweyo.

Tsono funso lidabuka: kodi wodwala aliyense ayenera mpeni? Kwa makolo athu funsoli lidali la moyo ndi imfa. Kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, kukafika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene chidatsegulidwa mu 1958, udali ulendo wautali. Ngakhale pamene asisteri adatsegula chipatala cha Trinity ku Muona mu 1960, opaleshoni ya msana idakhalabe ntchito ya akatswiri owerengeka.

Yankho lidachokera ku Bulawayo, mzinda umene abale athu ambiri adapitako kukasaka ntchito. Kumeneko bungwe la Medical Research Council la ku Britain lidayerekeza odwala opalidwa fupa ndi ena ongolandira mankhwala akuyendayenda. Zotsatira zake, zimene zidalengezedwa mu 1974, zidaonetsa kuti magulu awiriwo adachira pafupifupi mofanana. Uwu udali uthenga wabwino kwa osauka: chochiza chenicheni ndi mankhwala.

Mpeni uli nayobe ntchito yake: pamene miyendo ikufa, mafinya achuluka, kapena msana ukupindikirabe. Nchifukwa chake tiyamika kuti mu 1985 dziko lathu lidayamba kuphunzitsa madokotala othandizira a mafupa, ndi kuti mu 2002 chipatala cha Beit CURE chidatsegulidwa ku Blantyre.

Koma tisaiwale ichi: mankhwala amapha kachirombo, koma saongola linunda limene lakhwima kale. Mwana akamadandaula msana masabata angapo, akuonda, akutuluka thukuta usiku, tisataye miyezi ndi kuombeza. Timutengere ku chipatala miyendo ikadayenda, ndipo amalize mankhwala onse, amene boma limapereka mwaulere. Akuluakulu adanena kale kuti kuongola mtengo mpoyamba.